Madzi amene akumiza anthu athu ali ndi eni ake

Pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene dziko la Zambia linakwanitsa zaka 50 lili pa ufulu wodzilamulira, boti linatembenuka pa nyanja ya Kariba m'boma la Gwembe ndipo anthu 26 anamira. Ambiri mwa iwo anali ana asukulu amene ankapita kuchikondwerero cha tsikulo. Kumapeto kwa Malichi 2023, anthu 14 a mpingo wa Seventh-day Adventist anatsikira kulichete pa nyanja ya Bangweulu, boti lawo litagubuduzika lili ndi anthu oposa 40. Mwezi wotsatira, kwa anansi athu a ku Mchinji, kutsidya kwa malire a Mwami, bwato lonyamula anthu oposa 20 linatembenuka pa mtsinje wa Rusa. Anthuwo ankapita kumaliro, ndipo ulendo wokalira munthu mmodzi unabala maliro ena. Ngozi zitatuzi zinachitika m'madzi osiyana, koma zikufanana pa chinthu chimodzi chimene sitikonda kuchitchula tikamapepesana: omwalirawo sanapezeke pamadzipo mwangozi. Anasonkhana chifukwa cha sukulu, mpingo kapena maliro. Alipo amene anasankha botilo, alipo amene analola kuti anthu onsewo akwere ulendo umodzi, ndipo alipo akuluakulu amene anaona botilo litalemedwa koma ulendo n'kuyambika ndithu. Ndikuona kuti imfa za m'madzi sizidzachepa kwathu kuno kufikira titavomereza kuti dzenje lililonse, doko lililonse ndi ulendo uliwonse wa gulu uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ayenera kudziwika mvula isanagwe.

Wina wa ku Nabvutika, ku Mchini, ku Kapata kapena ku Magazine anganene kuti zimenezo n'za anthu a kunyanja, ife kuno ku Chipata tilibe nyanja. Maganizo amenewa ndi amene amatigonetsa tulo. Mzinda wathu wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amatsika ndi liwiro kudzera m'makwalala ndi m'ngalande za m'makomboni. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'makomboni amene anakula popanda mapulani, makwawa ena tsopano ali pakati pa nyumba, m'njira imene ana amadzera popita kusukulu. Mtsinje wa Lunkhwakwa, umene mwana amaudumpha mu Seputembala, mu Januwale umasanduka china. Tili ndi Lutembwe ndi madamu ake, tili ndi damu la Apollo, tili ndi zitsime zosavindikira pakhomo, maenje a zimbudzi osamalizidwa, maenje oumbira njerwa ndi okumba mchenga amene amadzaza madzi n'kukhala chomwecho mpaka Meyi. Abale athu a ku Mambwe amaoloka Lupande, ena amaoloka Luangwa, ndipo ambiri a ife timawayendera pa maliro ndi pa maukwati. Munthu wokulira kunyanja amadziwa kusambira ndipo amaopa mphepo. Mwana wa m'tauni sadziwa kusambira ndipo sadziwanso kuopa, chifukwa madzi amene amawadziwa ndi a pampopi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa lipoti mu Disembala 2024 losonyeza kuti anthu pafupifupi 300,000 anamira m'chaka cha 2021. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu, ndipo oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse anali a m'mayiko osauka ndi apakatikati. Kuyambira m'chaka cha 2000, mlingo wa imfa zotere pa dziko lonse watsika ndi 38 peresenti, koma muno mu Africa watsika ndi 3 peresenti yokha, ndipo chigawo chathu ndicho chili pamwamba pa zigawo zonse. Manambalawa akutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, boti likatembenuka dziko lonse limamva, koma ambiri omira amafa mmodzimmodzi, pafupi ndi kwawo, ndipo nkhani yawo imathera pamaliro. Mwana amene wagwera m'chitsime cha kuseri kwa nyumba nthawi zambiri safika n'kuchipatala komwe. Chachiwiri, ngati mayiko ena achepetsa imfazi pa zaka 20 zokha, ndiye kuti kumira ndi vuto limene anthu angathe kulichitira kanthu. Madzi a ku Asia ndi a ku Europe amamiza munthu chimodzimodzi ndi athu. Chimene chinasintha kumeneko ndi zochita za anthu ndi za maboma awo.

Tiyenera kumvetsa chifukwa chake madzi amakonda kutenga anthu awiri, atatu kapena anayi nthawi imodzi ngakhale popanda boti. Munthu amene akumira safuula monga timaganizira. Kamwa yake imalowa ndi kutuluka m'madzi, mpweya wofuulira alibe, ndipo mwana amatha kulowa pansi anzake akuseka chapafupi. Amene wazindikira amadumphira m'madzimo osaganiza, poti ndi mng'ono wake kapena mnzake. Womirayo amagwira chilichonse chimene chamufika ndi mphamvu zoopsa, amakwera pamutu pa womupulumutsa, ndipo onse awiri amalowa pansi. Wachitatu amatsatira. Chikondi chomwecho chimene timachiyamikira ndicho chimachulukitsa mitembo ngati sichinaphunzitsidwe. Pamene chimene chikanapulumutsa moyo chili ponseponse m'makomboni mwathu: nsungwi yaitali, chingwe, chitenje chopota, ndi chigubu cha malita 20 chopanda kanthu chotsekedwa bwino, chimene chimatha kuyandamitsa munthu wamkulu. Mwana wa giredi 4 angathe kuphunzira m'mphindi zochepa kuti mnzake akamamira ayenera kukuwa, kugona chafufumimba pamtunda, kumutambasulira ndodo kapena kumuponyera chigubu, osalowa m'madzi. N'zomvetsa chisoni kuti mwana amamaliza sukulu ya pulayimale akudziwa mayina a mitsinje ikuluikulu ya dziko lino koma osadziwa zimenezi.

Tikayang'ana mmene timachitira ngozi ikagwa, tipeza kuti mphamvu zathu zambiri zimathera pa kuvuula mitembo. Amabwera apolisi, amabwera ozimitsa moto a khonsolo, ndipo zikavuta amaitanidwa asilikali odziwa kulowa pansi pa madzi. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DMMU, imene ili pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, imathandiza mabanja oferedwa. Ntchito zimenezi n'zolemekezeka, ndipo banja limene laona mtembo wa mwana wake litadikira masiku atatu m'mbali mwa damu limadziwa kufunika kwake. Koma ubongo wa munthu umayamba kuonongeka pakapita mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi wopanda mpweya. Palibe galimoto ya ozimitsa moto imene ingafike mkati mwa komboni, pa misewu yamatope ya mu Febuluwale, m'nthawi imeneyo. Moyo wa womira uli m'manja mwa amene ali naye pamalopo, ndiponso m'manja mwa amene akanatseka dzenjelo miyezi itatu m'mbuyomo.

Tiyambe ndi maenje, chifukwa ndiwo osavuta kuwapezera mwini. Munthu amene waumba njerwa, waotcha uvuni wake, wagulitsa kapena wamangira nyumba, phindu latsala m'manja mwake ndipo dzenje latsalira ana a anzake. Chimodzimodzi wokumba mchenga, ndi kontilakita amene watapa dothi la msewu n'kusiya chidzenje m'mbali mwa mudzi. Anthu onsewa amadziwika ndi dzina m'dera lawo. Khonsolo ya mzinda wa Chipata ili ndi mphamvu pansi pa malamulo a zaumoyo wa anthu zolamula mwini malo kuchotsa chinthu choopseza moyo, ndipo kumidzi mafumu ndi anyakwawa mawu awo amamveka. Chofunika ndi mndandanda. Komiti ya chitukuko ya wodi iliyonse iyende m'dera lake mvula isanagwe, ilembe dzenje lililonse, chitsime chilichonse chosavindikira, ndi malo alionse amene ana asukulu amaoloka, ndipo pambali pa chilichonse palembedwe dzina la woyenera kukwirira, kuvindikira kapena kutchinga. Pamene mwini sakupezeka, likhale dzina la khansala. Ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu m'chaka cha 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Kamlatho ka oyenda pansi pa khwawa limene ana mazana amaoloka tsiku ndi tsiku sikaoneka bwino pa chithunzi ngati nyumba yatsopano, koma anthu a m'wodi ali ndi ufulu wokaika patsogolo posankha ntchito zawo.

Kenako pali maulendo a magulu, amene ndiwo amabweretsa maliro a anthu khumi kapena makumi awiri. Mpingo ukakonza msonkhano wamisasa, ulendo wa kwaya kapena ubatizo wa mumtsinje, umakonzeratu chakudya, zokuzira mawu ndi malo ogona. Mphunzitsi wamkulu akatumiza ana kumasewera, amalemba mayina ndi kusonkhetsa ndalama ya galimoto. Pa zokonzekera zonsezi pawonjezeke munthu mmodzi amene ntchito yake ndi ya madzi basi: kufunsa kuti boti limanyamula anthu angati, kuwerenga okwera, kugawa gulu pawiri kapena patatu, kukana kuoloka kukada kapena mphepo ikayamba, ndi kuletsa achinyamata a m'tauni kulowa m'nyanja imene sakuidziwa. Munthu ameneyu apatsidwe mphamvu zoimitsa ulendo ngakhale abusa kapena a mfumu akufulumira. Pamaliro m'pamene pamavuta kwambiri, chifukwa palibe amene amafuna kufika mwambo utatha, ndipo kutsala padoko kumaoneka ngati kusalemekeza malemu. Apa m'pofunika mawu a mafumu. Inkosi ya Makhosi Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi atanena poyera kuti wochedwa kumaliro chifukwa chodikira ulendo wachiwiri wa bwato sanalakwire mwambo, mawuwo angafike kumene chikwangwani cha boma sichifika. Mwambo wa Nc'wala umachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, mitsinje itadzaza, ndipo ndi bwalo labwino lonenerapo zimenezi. Sukulu nazo zinene momveka kuti mwana amene wajomba chifukwa mtsinje wasefukira sadzalangidwa, pakuti ana ena amaoloka chifukwa choopa chilango kuposa madzi.

Pali amene adzati imfa ikafika yafika, tsiku la munthu silizembeka, ndipo ena adzaloza ufiti kapena mizimu ya padziwe. Mawu akuti ndi chifuniro cha Mulungu amatonthoza mayi woferedwa, ndipo sindikufuna kumulanda chitonthozo chimenecho pa tsiku la maliro. Vuto limabwera mawu omwewo akatuluka pasiwa n'kukalowa mumsonkhano wa khonsolo kapena wa akuluampingo, n'kukhala chifukwa chosachitira kanthu. Anthu a ku Bangladesh ndi opembedza kwambiri, ndipo m'dziko lawo kumira ndiko kumapha ana ang'onoang'ono ambiri kuposa ngozi ina iliyonse. Ofufuza a kumeneko anapeza kuti ana ambiri amamira m'maiwe a pafupi ndi nyumba, m'mawa mpaka masana, amayi ali kalikiliki ndi ntchito. Anakhazikitsa timalo tosungirako ana m'midzi, totchedwa Anchal, kumene mayi mmodzi wophunzitsidwa ndi womuthandiza amayang'anira ana kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana. Mwa ana osungidwa kumeneko, imfa za m'madzi zinatsika ndi 80 peresenti ndi kuposerapo. Palibe amene anasiya chikhulupiriro chake kuti zimenezi zitheke. Ngakhale okhulupirira kuti padziwe pali mizimu amavomereza kuti malowo ngoopsa, ndiye atithandize kuwatchinga.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi umphawi, ndipo chiyenera kuyankhidwa moona mtima. Mayi wa ku Nabvutika amene amalawirira kukagulitsa tomato ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market sangakhale pakhomo kuyang'anira mwana, ndipo amamusiyira mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwini bwato akachepetsa okwera, mtengo woolokera ukwera kapena iye agona ndi njala. Jekete loyandamitsa munthu m'madzi si chinthu chimene banja losowa ufa lingagule. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake kungouza makolo pa wailesi kuti asamalire ana sikukwanira. Kumeneko n'kusenzetsa katundu yense munthu amene ali kale ndi mtolo wolemera. Udindo uyenera kukwera kupita kwa amene ali ndi mphamvu zochulukirapo. Mipingo yambiri m'makomboni mwathu imakhala yotseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu m'mawa, pamene ingakhale malo osungirako ana m'miyezi ya dzinja, amayi a m'magulu a mpingo akusinthana. Mpingo kapena sukulu imene imayenda pamadzi kawirikawiri ingagule majekete ngati katundu wa gulu, monga imagulira mipando ndi mayunifolomu a kwaya. Padoko pamene pamaoloka anthu ambiri, majekete akhale a dokolo, ogulidwa ndi ndalama za chitukuko, mwini bwato n'kumawabwereka. Ndipo zambiri zotetezera sizilira ndalama: kukhuthula madzi a m'beseni ndi m'ndowa ukatha kuchapa, kuika chivindikiro cholemera pa diramu ndi pachitsime, kutchinga khomo ndi thabwa kuti wokwawa asatuluke. Mwana wa chaka chimodzi amatha kumira m'madzi osafika n'komwe m'mawondo a munthu wamkulu, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo akagwa chamutu m'ndowa satha kudzidzutsa.

Makolo ena amakana zophunzitsa ana kusambira. Amati mwana wodziwa kusambira ndiye amathamangira kudamu, ndipo m'madzi mwathu muli likodzo, kwina muli ng'ona. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti ana akaphunzirire m'dziwe lililonse. Koma ana amapita kale kumadzi, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, ndipo amapita mobisa chifukwa tinawaletsa. Kuletsa kokhako kwangochititsa kuti pamalopo pasakhale wamkulu. Ku Bangladesh komweko, pulogalamu ya SwimSafe inaphunzitsa ana kusambira ndi kuyandama m'malo otchingidwa ndi nsungwi, osaya, pali mphunzitsi, ndipo imfa pakati pa ophunzirawo zinatsika kwambiri. WHO imalimbikitsa kuti ana oyambira zaka zisanu ndi chimodzi aphunzire kusambira ndi kupulumutsa anzawo mosadziika pangozi. Mu Chipata muli malo ogona alendo amene ali ndi maiwe osambiramo. Khonsolo ndi ofesi ya maphunziro zingakambirane ndi eni ake kuti pa maola amene mulibe alendo ana a sukulu za boma aziphunziramo. Sizingafikire mwana aliyense chaka chimodzi, koma phunziro la ndodo, chingwe ndi chigubu lingaperekedwe pabwalo la sukulu iliyonse popanda ngakhale dontho la madzi.

Ena adzati kufunafuna mwini wa ngozi n'kuwonjezera chisoni kwa anthu amene akulira kale, ndipo ngozi zina zilibe mwini. Adzakumbutsa za mu Meyi 2023, pamene mvuu inagunda bwato lonyamula anthu 37 pa mtsinje wa Shire ku Nsanje. Zoonadi mvuu siuzidwa zochita. Koma kuchuluka kwa anthu m'bwato limodzi, kusowa kwa choyandamira, ndi kusowa kwa njira ina yoolokera ndi zinthu zimene anthu angazisinthe, ndipo ndizo zimasiyanitsa ngozi yoopsa ndi maliro a mudzi wonse. Udindo umene ndikunena pano cholinga chake si kukokera kukhoti mayi woferedwa kapena mkulu wampingo wosweka mtima. Ndi kugawana ntchito zinthu zisanaipe, kuti aliyense adziwe chake. Chilango chikhalepo kwa amene anachenjezedwa n'kukana: mwini dzenje amene wauzidwa kawiri, mwini boti amene amadzaza anthu dala, woyendetsa amene wamwa kachasu, dalaivala wa minibasi amene amalowetsa galimoto pa mlatho womizidwa okwera akumuletsa. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo osafika pa theka la mita amatha kunyamula galimoto yaing'ono.

Chatsala ndi chimene timachita womira akavuulidwa akadali ndi mwayi. Ambiri amamuzondotsa, kumukanikiza pamimba kapena kumugubuduza kuti madzi atuluke, ndipo mphindi zofunikazo zimatha. Chimene akusowa ndi mpweya. Ngati sakupuma, agonekedwe chagada pamalo olimba, chibwano chikwezedwe, auziridwe mpweya m'kamwa, kenako apsinjidwe pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuziridwa kawiri, mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Akatsitsimuka apite naye kuchipatala ndithu, chifukwa mapapo amatha kuvuta pakapita maola. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba chotere, ndipo oyenera kuyamba kuphunzira ndi amene amakhala pafupi ndi madzi ndi ana: aphunzitsi, amayi ochapa kumtsinje, olima madimba, akabaza, ndi alangizi a achinyamata m'mipingo. Mu Epulo 2021 bungwe la United Nations linakhazikitsa 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limagwa pabwino, pakati pa chilimwe, maenje ali ouma ndipo mitsinje yaphwa. Makomiti a m'mawodi akayamba kulemba mndandanda wawo tsiku limenelo, akhala ndi Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala kuti akwirire, avindikire ndi kumanga, ndipo khonsolo iwerenge poyera pa Breeze FM ndi Radio Maria mayina a malo amene atsala osakonzedwa pofika sabata yoyamba ya Novembala.